Mudzi ndi Mbumba: Kuthetsa Nkhanza kwa Amayi Monga Nkhani ya Ufulu Wachibadwidwe

Mawu okambidwa pabwalo la mwambo wa chaka chino ndi mmodzi wa mamembala a bungwe lathu, amene ndi mphunzitsi wa kusekondale

 Ndipemphe chilolezo kwa inu makolo kuti ndiime pamaso panu inu muli chikhalire, ndipo ngati lilime langa lipyola malire, mundiwongole monga mwana wanu.

Lero ndi tsiku lachisangalalo. Ng'oma zalira kuyambira m'bandakucha, nthungululu zamveka, ndipo abale amene adasiyana kalekale agwirana chanza. Wina akhoza kufunsa chifukwa chimene ndasankhira nkhani yolemetsa mtima pa tsiku lotere. Yankho langa ndi lakuti chikhalidwe chimene tasonkhanira pano chimasungidwa ndi anthu amoyo, ndipo ambiri mwa osunga ake ndi amayi. Ndiwo amene amaphunzitsa mwana chinenero ali kumsana, ndiwo amalanga namwali, ndiwo amayimba ndi kuwomba m'manja kuti gule akome, ndiwonso amagona pasiwa. Ngati ena mwa amayi amene atisangalatsa lero abwerera kunyumba kumene akukaopa kulowa, ndiye kuti mwambo wathu uli ndi ngongole imene tiyenera kuikamba poyera.

Kukula kwa vutoli

Tiyambe ndi kutchula chinthucho dzina lake. Nkhanza kwa amayi ndi atsikana zili m'mitundu ingapo. Pali kumenya, kumene aliyense amakudziwa. Pali kugwiririra ndi kukakamiza kugonana. Pali mawu onyoza ndi oopseza amene sasiya chipsera pakhungu koma amafooketsa munthu mpaka kudziona ngati wopanda pake. Pali nkhanza za pachuma: mayi amalima nawo fodya, kupalira, kuthyola, kusoka ndi kusankha, koma ndalama zikatuluka ku okushoni bambo amasowa milungu itatu n'kubwera chimanjamanja. Pali kulanda katundu wa mayi wamasiye maliro asanaiwalike. Pali kukwatiwitsa mwana. Pali kunena agogo aakazi kuti ndi mfiti n'kuwathamangitsa m'mudzi umene adaumanga okha. Masiku ano kwabweranso kufalitsa zithunzi za munthu pa WhatsApp ndi pa Facebook ndi cholinga chomuchititsa manyazi.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati pafupifupi mayi mmodzi mwa atatu alionse padziko lapansi amachitidwa nkhanza zomenyedwa kapena zogwiriridwa pa moyo wake. Kuno kwathu, kafukufuku wa boma wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu wa mu 2015 mpaka 2016 adapeza kuti amayi 34 mwa amayi 100 alionse a zaka za pakati pa 15 ndi 49 adamenyedwapo chikwanitsireni zaka 15. Mwa amayi amene adakwatiwapo, 42 mwa 100 alionse adachitidwapo nkhanza ndi amuna awo, kaya zomenyedwa, zogonana mokakamizidwa kapena zozunza maganizo. Kafukufuku yemweyo adaonetsa kuti atsikana 42 mwa 100 alionse adalowa m'banja asanafike zaka 18.

Ife aphunzitsi timaziona ziwerengero zimenezi zili ndi nkhope. Timaziona pa desiki imene yatsala yopanda munthu pakati pa teremu, mtsikana wanzeru wa Fomu 2 atapita kubanja. Timazionanso mwa mnyamata amene amawodzera m'kalasi chifukwa usiku wonse amaleretsa ndewu ya makolo ake. Chibakera chimene chagwera mayi chimafika mpaka m'kope la mwana.

Tanthauzo la kunena kuti ndi nkhani ya ufulu

Pa 10 Disembala 1948, mayiko a m'bungwe la United Nations adagwirizana chikalata cha ufulu wachibadwidwe wa anthu onse, chimene chimanena kuti munthu aliyense amabadwa mfulu ndiponso wofanana ndi anzake pa ulemu ndi ufulu. Komabe padatenga zaka zambiri kuti dziko lapansi livomereze kuti zochitika kuseri kwa chitseko cha nyumba zikukhudzidwanso ndi mawu amenewa. Mu 1979 kudabwera pangano la CEDAW lothetsa tsankho lililonse kwa amayi, limene Zambia idalivomereza mu 1985, Malawi mu 1987 ndipo Mozambique mu 1997. Mu 1993, msonkhano waukulu wa ku Vienna udatsimikiza kuti ufulu wa amayi ndi atsikana ndi gawo losalekanitsika la ufulu wa anthu onse. Mu Disembala chaka chomwecho United Nations idatulutsa chikalata chapadera chothetsa nkhanza kwa amayi, chimene chimaletsa maboma kubisala kumbuyo kwa mwambo kapena chipembedzo pothawa udindo wawo. Masiku 16 olimbana ndi nkhanza amene timawamva pawailesi chaka chilichonse amayamba pa 25 Novembala, tsiku limene akazi atatu apachibale a banja la Mirabal adaphedwa ku Dominican Republic mu 1960, ndipo amatha pa 10 Disembala, tsiku la ufulu wachibadwidwe. Amene adasankha masiku awiriwa adafuna kuti nkhani ziwirizi zimangidwe ndi luzi limodzi.

Kodi kutchula nkhanza kuti ndi kuphwanya ufulu kumasintha chiyani? Kumasintha zinthu zitatu.

Choyamba, nkhaniyo imaleka kukhala chinsinsi cha m'nyumba. Munthu akaba mbuzi, sitinena kuti ndi za m'banja ngakhale wakubayo ndi mbale wa mwini mbuzi. Thupi la mayi ndi loposa mbuzi.

Chachiwiri, chitetezo cha mayi chimaleka kudalira khalidwe lake. Nthawi zambiri mayi akamenyedwa, funso loyamba la anthu limakhala lakuti, "Nanga iyeyo adalakwanji?" Ufulu wachibadwidwe sufunsa funso limenelo. Mayi wochedwa kuphika, wolongolola, ngakhale wolakwadi, ali ndi ufulu wosamenyedwa, monga momwe mwamuna wolakwa ali ndi ufulu woweruzidwa pabwalo m'malo mophedwa ndi gulu. Zolakwa zili ndi njira zake zokambirana, ndipo banja likakanika lili ndi njira yake yothera.

Chachitatu, pamapezeka woyankha mlandu. Pamene pali ufulu pali amene ali ndi udindo woteteza ufuluwo: boma, polisi, khoti, chipatala, mfumu ndi sukulu. Mayi wofika kupolisi ali ndi mabala sakupempha chifundo. Akufunsa chimene lamulo lidamulonjeza. Chitsanzo chake tili nacho pafupi. Amayi ndi atsikana 18 a ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu m'boma la Lilongwe, amene adachitidwa nkhanza zogwiriridwa ndi apolisi ena mu Okutobala 2019, adatengera nkhani yawo kukhoti lalikulu mothandizidwa ndi bungwe la maloya achizimayi, ndipo mu Ogasiti 2020 khotilo lidalamula kuti apatsidwe chipukuta misozi. Amayi akumudzi adaima pamaso pa boma, ndipo lamulo lidaima nawo.

Kodi zimenezi ndi zachilendo?

Ndikudziwa zimene ena amanong'ona akamva mawu akuti ufulu. Amati ndi zobwera ndi azungu, zabwera kudzasokoneza mabanja ndi kupha miyambo. Mawu amenewa ayenera kuyankhidwa mwaulemu, chifukwa owanena ambiri amakonda chikhalidwe chathu moona mtima.

Ndiyambe ndi kukumbutsa kuti Africa ili ndi pangano lakelake. Pa 11 Julaye 2003, atsogoleri a mayiko a mu Africa atakumana ku Maputo adavomereza pangano la ufulu wa amayi a mu Africa. Panganoli limaletsa miyambo yovulaza, limaika zaka 18 kukhala msinkhu wolowera m'banja, ndipo limateteza mayi wamasiye kuti asachitidwe zonyazitsa, asalandidwe ana, ndiponso alandire gawo lake la chuma cha mwamuna wake. Adalemba zimenezi ndi ana a Africa, mumzinda wa anansi athu.

Koma tisapite kutali. Tiyang'ane m'mudzi mwathu momwe. Ife Achewa timawerenga mtundu kudzera kwa mayi. Ufumu wa Kalonga umachokera m'mimba mwa Nyangu. Pa kachisi wa ku Msinja, amene ankaimira anthu popempha mvula kwa Chauta adali mayi, Makewana, kutanthauza mayi wa ana onse. Mwamuna ankalemekezedwa chifukwa cha mbumba yake, ndiye kuti alongo ake ndi ana awo, ndipo dzina lakuti mwini mbumba lidali dzina la udindo. Mwini mbumba ndiye ankafunsidwa mlongo wake akadwala, akasowa munda, kapena akamazunzika. Pa chikamwini, mkazi ankakhala pakati pa abale ake, ndipo kulira kwake usiku kunkamveka kwa amayi ake ndi atsibweni ake. Mkamwini wankhanza ankaitanidwa, kudzudzulidwa, ndipo akapanda kusintha ankaonetsedwa njira ya kwawo. Ngakhale pa chitengwa, mkazi ankatengedwa mopempha, ndipo abale ake sankamutaya. Unkhoswe nawo udakhazikitsidwa kuti banja likhale ndi mboni ziwiri, ya kuchimuna ndi ya kuchikazi, kuti pasakhale wozunzika mopanda komadandaulira.

Choncho makolo athu adadziwa kale kuti mkazi ndi munthu wokhala ndi eni ake, ndi kuti ukwati sumupatsa mwamuna mphamvu pa moyo wake. Chimene ufulu wachibadwidwe wawonjezera ndi ichi: chitetezo chakalecho chinkadalira kukhala ndi alongo amphamvu ndi kukhala pafupi ndi kwanu. Lero mwana wathu wamkazi akukhala m'nyumba ya lendi ku Ndirande, ku Kawale, pa esiteti ya fodya, kapena ku Johannesburg, kumene atsibweni ake sangamve kulira kwake. Wina ndi wamasiye wopanda mlongo. Lamulo la ufulu limatenga udindo wa mwini mbumba n'kuupereka kwa dziko lonse, kuti mkazi aliyense, kaya ali ndi abale kaya alibe, akhale ndi womuimira.

Tinenenso zoona pa mbali inayo. Sizonse zimene tidalandira kwa makolo zili zoyenera kupatsira ana. Fisi wolowera namwali, kusasa fumbi, kulowa kufa ndi chokolo chokakamiza ndi miyambo imene yapezeka m'madera osiyanasiyana a dziko lino, ndipo yavulaza atsikana ndi amayi ndi kufalitsa kachilombo ka HIV. Malamulo oyendetsera dziko lino a mu 1994 amatipatsa, m'gawo 26, ufulu wotsata chikhalidwe ndi chinenero chimene tasankha. Ufulu umenewo ndi umene watilola kusonkhana pano. Malamulo omwewo, m'gawo 24, amalamula kuti miyambo yosala amayi ithetsedwe, ndipo amatchula nkhanza, kugwiririra ndi kulanda chuma chamasiye. Magawo awiriwa ali m'buku limodzi. Sitingavine ndi gawo 26 masana n'kupondereza gawo 24 usiku. Mlimi wosamala mbewu ya makolo amasankha ngala zabwino n'kutaya zofumbwa, ndipo palibe amene amamunena kuti wadana ndi chimanga cha makolo.

Mawu amene tiyenera kuwaunikanso

Pali mawu awiri amene aika amayi ambiri m'manda. Oyamba ndi akuti banja ndi kupirira. Muli choonadi m'mawu amenewa, pakuti banja limapirira njala, matenda, umphawi ndi kusiyana maganizo. Koma kupirira kotereku ndi kwa anthu awiri osenza mtolo umodzi. Pamene mmodzi ndiye mtolo wa mnzake, pamene mkazi akubwezedwa kachitatu ndi kachinayi kwa munthu amene adamuthyola mkono, mawuwa asanduka chingwe. Achiwiri ndi akuti kumenya ndi mankhwala a banja. Sindidaonepo mankhwala amene amagonetsa munthu m'chipatala ali bwinobwino. Mwana wokulira m'nyumba ya mankhwala oterewa amaphunzira phunziro limodzi: wamwamuna amaphunzira kuti mkangano umatha ndi dzanja, wamkazi amaphunzira kuti chikondi chimapweteka. M'mera mpoyamba, ndipo zimene tafesa m'maso mwa ana tidzazikolola m'mabanja awo.

Ena amati nawonso amuna amachitidwa nkhanza. Ndi zoona, ndipo lamulo limawateteza chimodzimodzi. Mwamuna wozunzidwa asachite manyazi kukadandaula. Koma ovulala ndi ophedwa ambiri m'nyumba ndi amayi, ndipo kutchula bala lalikulu sikukana kuti ang'onoang'ono aliponso.

Malamulo alipo

Dziko lino silosauka pa malamulo. Mu 2006 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo loletsa nkhanza za m'banja, limene limapatsa khoti mphamvu yoletsa wankhanza kuyandikira amene akumuzunza, ngakhalenso kumutulutsa m'nyumba kuti mayi ndi ana atsale. Mu 2011 kudabwera lamulo la chuma chamasiye, limene limati kulanda katundu wa mkazi ndi ana a malemu ndi mlandu. Mu 2013 lamulo loona kuti pasakhale kusiyana pakati pa amuna ndi akazi lidaletsa miyambo yovulaza, ndipo wolakwira akhoza kukhala kundende zaka zisanu. Mu 2015 lamulo la maukwati lidaika zaka 18 kukhala msinkhu wokwatira ndi kukwatiwa, ndipo mu 2017 malamulo oyendetsera dziko adasinthidwa kuti agwirizane ndi zimenezo. Ngakhale lamulo lakale la ufiti la mu 1911 limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Abale athu a ku Mozambique ali ndi lamulo loletsa nkhanza za m'banja kwa amayi la mu 2009, ndipo a ku Zambia ali ndi lawo la mu 2011.

Koma lamulo lolembedwa ku Lilongwe silidziyendera lokha kufika pakhomo. Limafunika miyendo, ndipo miyendo yake ndi ife. Inkosi Theresa Kachindamoto ya ku Dedza idationetsa zimenezi. Idagwirizana ndi mafumu ake aang'ono kuti maukwati a ana athe, idathetsa maukwati oposa 800 m'zaka zochepa, idabwezera anawo kusukulu, ndipo mafumu amene adapitiriza kuloleza mchitidwewu idawaimitsa paudindo. Idachita zonsezi ili pampando wa makolo, ndi mphamvu ya mwambo. Palibe amene anganene kuti ufumu wa Kachindamoto udachepa chifukwa cha zimenezo. Dzina lake lidamveka mpaka kutsidya kwa nyanja.

Pempho langa kwa aliyense

Kwa inu mafumu, ndikupempha modzichepetsa. Milandu ya malire a minda ndi mikangano ya m'mudzi ndi yanu, ndipo mumaiweruza mwanzeru. Koma mlandu wogwiririra, wogona ndi mwana, kapena wovulaza munthu sutha ndi nkhuku kapena mbuzi pabwalo. Umenewo ndi wa polisi ndi khoti. Mfumu yotumiza mlandu wotere kumene uyenera kupita yateteza mudzi wake, pakuti fisi wolipitsidwa nkhuku amabweranso.

Kwa inu ankhoswe, kumbukirani kuti mudaikidwa kusunga anthu awiri, ndipo banja limakhalapo pamene anthuwo ali moyo. Mukaona magazi, kuopseza ndi mpeni, kapena kukanyanga pakhosi, ntchito yanu yoyamba ndi kuchotsa mwana wa eni pangozi. Zokambirana zibwere pambuyo.

Kwa inu anamkungwi, chinamwali ndi sukulu yakale kuposa imene ine ndimaphunzitsako, ndipo mawu anu amakhazikika mumtima mwa mtsikana kuposa anga. Pamene mukumuphunzitsa ulemu, ukhondo ndi kulemekeza akulu, muuzeninso kuti thupi lake ndi lake, kuti kutha msinkhu sikutha sukulu, ndi kuti akadzazunzidwa kwawo kudakali kwawo.

Kwa ife abambo, makamaka ife atsibweni, tibwerere pa udindo wathu. Tisamaonekere pa tsiku la chinkhoswe lokha. Tiziwayendera alongo athu ndi ana awo, tiziwafunsa mmene akukhalira, ndipo akatiuza tiziwakhulupirira. Ndipo popeza mkazi amene ali m'nyumba mwathu ndi mbumba ya mwamuna mnzathu, timusunge monga momwe tifunira kuti mlongo wathu asungidwe kumene adakwatiwa. Mnzathu akamadzitama pabawo kapena pamowa kuti wamulanga mkazi wake, tisaseke. Kuseka kwathu ndi kumene kumamupatsa mphamvu.

Kwa inu anyamata, chamuna chenicheni chimaoneka pa kudzigwira. Mtsikana akakana, wakana, ndipo mphatso imene mudamugulira si chikole cha thupi lake.

Kwa aphunzitsi anzanga, mwana wa sukulu ndi mwana wathu. Mphunzitsi wofunsira mwana wa sukulu waphwanya lamulo ndiponso wanyoza ntchito yathu, ndipo kumubisa ndi kugawana naye mlandu. Tikumbukirenso kuti kuyambira mu 1993 ndondomeko ya boma imalola mtsikana amene wabereka kubwerera kusukulu. Tigwirizane ndi magulu a amayi a pasukulu kuti anawa tiwalondole ndi kuwalandira popanda kuwatonza.

Kwa inu amayi ndi atsikana amene mwina mukumva mawuwa mtima ukugunda, dziwani kuti mlandu si wanu. Kupolisi kuli ofesi yothandiza ozunzidwa ya Victim Support Unit. M'zipatala zikuluzikulu muli malo a One Stop Centre kumene adokotala, apolisi ndi alangizi amapezeka pamodzi. Pali nambala zaulere za foni: 5600 ya nkhani za nkhanza, ndi 116 ya ana. Munthu akagwiriridwa afike kuchipatala pasanathe maola 72, chifukwa mankhwala oteteza ku HIV amagwira ntchito akayambidwa m'nthawi imeneyo. Ndipo inu anansi, mukamva kulira kuseri kwa mpanda, musakweze wailesi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mawu otsiriza

Mafumu ndi makolo anga, bungwe lathu lidakhazikitsidwa kuti zabwino za makolo zisatayike. Timasunga magule, zovala, zakudya ndi chinenero, ndipo tichite zimenezo mosatopa. Pa mndandanda wa zosungidwazo tiikepo ulemu wa mbumba, umene ndi wakale kuposa chikalata chilichonse cha ku Vienna kapena ku Maputo. Ndikupempha kuti pamene tidzakumanenso chaka chamawa, mudzi uliwonse udzathe kunena kuti ndi atsikana angati amene wawabweza kusukulu, ndi amayi amasiye angati amene asiyidwa m'nyumba zawo ndi minda yawo, ndi milandu ingati imene yaperekedwa kumene iyenera kupita. Mutu umodzi susenza denga, koma pano mitu ilipo yambiri, ndipo denga lake ndi la nyumba yathu tonse.